Dorika Anajambula Mpweya wa Amayi Ake

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, Dorika Tomasi anawerenga mndandanda wa okhoza katatu. Koyamba anayambira pamwamba, kachiwiri anayambira pansi, kachitatu analondola ndi chala ngati mwana wa Sitandade 1. Dzina lake munalibe.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, ngati munaimapo pa bolodi lotere anzanu akululutira kumbuyo kwanu, mukudziwa mmene miyendo imalemerera. Dorika anayenda pansi kubwerera kwawo, kamudzi ka asodzi m'dera la Mbenje ku Nsanje, m'mphepete mwa dambo lalikulu la Elephant Marsh. Njira yonse ankakonza mawu oti akawauze amayi ake. Mawuwo sanagwire ntchito.

Anawapeza amayi akewo, mayi Magdalena, ali thapsa pambali pa uvuni wowambira nsomba, kukamwa kuli yasa, mpweya ukulira ngati mluzu. Milamba inali kupserera pawaya, utsi uli tolotolo.

Bambo ake a Dorika n'kuti atamwalira kale, mvuu itagubuduza bwato lawo iye ali Sitandade 6. Kuyambira pamenepo, chakudya cha pakhomopo chinkachokera pauvuni. Mayi Magdalena ankagula milamba ndi mphende padooko, kuziwamba, n'kukagulitsa ku Bangula. Mmawa utsi, masana utsi, chaka ndi chaka.

Kuchipatala anakhalako masiku anayi. Anawayeza makhololo, anawajambula ekisire. Dokotala anakweza chithunzicho pawindo n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"TB mulibe, mayi," anatero. "Ndikumva ndithu kuti mukubanika, koma pachithunzipa sindikuona chimene chikukubanikitsani. Makina athuwa saona zonse."

Dokotala ananena zoona zake. Koma mawu akayenda mtunda amafika atadukaduka. Kumudzi kunangofika akuti, "Sanapeze kanthu."

Kwa Asena mkazi ndi ana amakhala a kuchimuna, choncho mwini mawu pabanjapo anali a Fernando, akulu awo a malemu a Tomasi. Anali munthu wa mawu okhuthala, wokonda kuyankhula anthu atachuluka. Anadikira Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi n'kukhala pansi pa mtengo wa masawu.

"Madokotala afufuza, apeza chiyani? Nkhabe, palibe!" anatero a Fernando. "Matenda osaoneka ngakhale pamakina, dzina lake ndi ulesi. Mlamu wathuyu watopa ndi ntchito, akufuna tizimudyetsa. Mwana naye uyo walephera mayeso. Kodi mng'ono wanga anatisiyira chiyani?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mayi Magdalena anadzuka, n'kumanga chitenje, n'kubwerera kuuvuni wawo. Kuchokera tsiku limenelo, akatsokomola padooko, amayi anzawo ankakodolana n'kumati, "Ayamba sewero lija."

Mawu amenewa anamupweteka Dorika kuposa kulephera mayeso. Mmawa mwake, akuthandiza kutumbula nsomba, anaika mpeni pansi.

"Mama, chimene chili m'chifuwa mwanumo ndidzachiona ndi maso anga. Ndipo bambo aakulu ndidzawaonetsa."

Mayi Magdalena anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, wosadziwa kusisita mwana ndi mawu.

"Iwe walephera mayeso dzana lomweli, lero ukufuna kusuzumira m'chifuwa mwa munthu? Senza dengu, nsomba zikuwola."

Dorika anasenza dengu. Koma lonjezo lija sanalitule.

Mmawa ankagulitsa milamba pamsika wa Bangula, masana n'kuthamangira sukulu ya obwereza. Ankalowa m'kalasi fungo la utsi litatsogola. Anzake anamupatsa dzina lakuti Mlamba, ndipo akakhala pabenchi, ena ankasendera. Makope ake onse anali ndi zidindo za mafuta a nsomba.

Pasukulupo panali mphunzitsi wa sayansi, a Augustino, bambo wowonda amene ankaphunzitsa popanda chipinda choyesera zinthu. Zida zawo zinali maginito ochotsa m'wailesi yakufa, singano ndi mbale ya madzi. Ankakhutiza singano pamaginito, kuigoneka pakatsamba koyandama, ndipo singanoyo inkatembenuka yokha n'kuloza kumpoto. Ana ena ankayasamula. Dorika ankayang'ana osaphethira.

Tsiku lina anatsalira anzake atatuluka.

"Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani ekisire imalephera kuona matenda ena a m'chifuwa?"

"Ekisire imaona mafupa ndi zipsera zikuluzikulu," anayankha a Augustino. "Mpweya siiuona. Kuti udziwe kumene mpweya ukufika ndi kumene sukufika, pakufunika nzeru ina."

"Nzeru yanji?"

"Ine sindiidziwa, mwanawe, ndisakunamize. Koma ngati ilipo, ili kutsogolo kwa msewu womwe uno. Khoza kaye mayeso."

Analembanso. Anakhoza, koma mapointi ake sanafike poti n'kumutengera ku yunivesite. A Fernando anati tsopano basi, akwatiwe, kuli mnyamata wogwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo amene akufunsira. Mayi Magdalena, amene sanadziyankhire okha tsiku lija, pa mwana wawo anayankha.

"Alamu, mwati ndine waulesi. Ndiye mundisiyire mwanayu azindisenzera dengu."

Dorika anasenza dengu chaka chinanso, n'kulemba kachitatu. Ulendo uno dzina lake silinafune chala. Linali pamwamba penipeni.

Za ku yunivesite sindichulutsa. Anakwera mapiri a Chikwawa koyamba m'moyo wake, makutu akutsekeka, n'kukafika ku Zomba kumene anaphunzira kuti juzi si chovala cha anthu onyada. M'kalasi la sayansi ya mphamvu ndi kuwala atsikana analimo awiri okha, ndipo pofika chaka chachitatu anatsala yekha. Atamaliza, anakaphunzitsa kusekondale ina ku Chikwawa zaka zitatu, akulemba makalata opempha mwayi wa maphunziro apamwamba. Anamukana kakhumi ndi kamodzi. Kalata yachikhumi ndi chiwiri inamuitana ku yunivesite ina ya ku Ulaya. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Nthawi yonseyi mayi Magdalena ankatsokomolabe. Kupita kudooko, mtunda umene kale ankauyenda akuimba, tsopano ankapumira kawiri panjira.

Ku Ulaya kuja Dorika anakaipeza nzeru imene a Augustino ankainena. Ndiloleni ndiifotokoze mwachidule, musathawe, si yovuta monga imamvekera.

Chinthu chilichonse, ngakhale mpweya, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Pakati pa atomu pali kanjere, ndipo tinjere ta maatomu ena timazungulira ngati nguli. Pozungulirapo, kanjere kalikonse kamakhala ngati singano ija ya a Augustino: kali ndi mbali imene kakuloza. Vuto n'lakuti tinjereti n'tosamvana. Kena kaloza uku, kena uko, mphamvu zake n'kumafafanizana, ngati msonkhano umene aliyense akuyankhula zake.

Makina aakulu a m'zipatala otchedwa MRI amajambula m'thupi pomvetsera tinjere timeneti. M'minofu, momwe muli madzi ambiri, amamva bwino. Koma m'mapapo ndi mpweya wokhawokha, tinjere n'tochepa, ndipo makinawo amangoona mdima.

Ndiye akatswiri anapeza njira. Amatenga mpweya wina wotchedwa zenoni, umene munthu akhoza kuupuma pang'ono osavulala, n'kuuika m'botolo lagalasi pamodzi ndi kadontho ka chitsulo chofewa chotchedwa rubidiyamu. Botololo amaliika pakati pa maginito, n'kulitenthetsa mu uvuni kuti chitsulo chija chitulutse nthunzi. Kenako amawalitsamo leza, kuwala kwamphamvu kowongoka ngati ulusi wokoka. Kuwalako kumafoletsa maatomu a nthunzi ija kuti aloze mbali imodzi, ndipo iwo akamagundana ndi zenoni amapatsira tinjere take khalidwe lomwelo. Tinjere tikagwirizana chotero, mawu ake amamveka kutali. Munthu akapuma mpweya umenewo n'kulowa mu MRI, paliponse pamene mpweya wafika pamawala, pamene sunafike pamada.

Tsiku loyamba kuona chithunzi chotere, Dorika anakhala pansi n'kuchiyang'anitsitsa. Chinali chithunzi cha munthu wosamudziwa, koma iye ankaona amayi ake.

Pulofesa wake, mayi wachikulire wosachulutsa mawu, anamupatsa ntchito. Makina ofoletsera tinjere amene analipo anali aakulu ndi ovuta kusamala. Dorika anayenera kupanga ang'onoang'ono, osavuta, oti tsiku lina adzagwire ntchito ngakhale m'zipatala zosalemera. Anavomera nthawi yomweyo.

Koma makinawo anamukana.

Akayatsa leza, nambala yoonetsa kugwirizana kwa tinjere inkakwera bwinobwino pakompyuta, kenako n'kuima, kenako n'kugwa. Dorika ankaganiza kuti nthunzi yachepa, choncho ankawonjezera moto mu uvuni. Nambala inkagwa msanga kuposa kale. Anasintha magalasi, anasintha mapaipi, anatsuka botolo kambirimbiri. Mabotolo awiri anang'aluka ndi kutentha. Chaka chinatha, china n'kufika pakati.

Tsiku lina pulofesa anamuitana.

"Dorika, kulimbikira kwako sindikukayikira. Koma watsala ndi miyezi inayi. Zikakanika, tidzalemba zimene waphunzira, koma makina akowa sadzafika kwa wodwala aliyense."

Sabata yomweyo foni inalira. Anali mayi Loyce, oyandikana nawo nyumba kumudzi.

"Dorika, amako agwanso pauvuni. Atuluka kuchipatala dzulo. Akuti TB nkhabe, monga kale."

Dorika anapempha tchuthi cha masabata awiri. Koma zovala analongedza zonse, ndi mabuku omwe. Mumtima anali atagonja. Ankadziuza kuti bola akakhale pafupi ndi amayi ake masiku amene atsala, kusiyana n'kumaswa mabotolo a eni kudziko la eni.

Anatsika mapiri a Chikwawa mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuchigwa kukumulandira ngati wolowa m'ng'anjo. Atafika pakhomo, anapeza chimene ankaopa: mayi Magdalena, owonda ngati bango, akusonkha moto pauvuni.

"Mama! Dokotala sanakuuzeni kuti mupume?"

"Anandiuza. Koma milambayi sanaiuze."

Dorika anawagwira padzanja, n'kuwayalira mkeka pamthunzi, kutali ndi utsi. Anavula nsapato za ku Ulaya, n'kumanga chitenje. Ntchito imeneyi anabadwa nayo, anatero mumtima. Anayala milamba pawaya, n'kusonkha nkhuni.

Koma zaka khumi zam'kalasi zinali zitamudya manja. Ataona kuti nsomba zikuchedwa kuuma, anawonjezera zikuni ziwiri. Mafuta anayamba kudontha pamakala, tcho, tcho, tcho. Mwadzidzidzi lawi linabuka, phu! Linanyambita nsomba, mafuta n'kuchucha ochuluka, lawi n'kukulirakulira. Pamene ankathira madzi n'kuti waya yense ali bii. Ananyema mlamba umodzi: kunja makala, mkati mwamuwisi.

Mayi Magdalena anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, chifuwa chitatha n'kuyambiranso kuseka.

"Sukulu yonse ija, mwananga, anakuphunzitsa kuotcha makala?"

"Moto unali wochepa, Mama. Ndinangowonjezera pang'ono."

"Ndi pamene walakwitsa. Mlamba uli ndi moto wakewake. Nkhuni zako ntchito yake n'kuudzutsa basi. Mafuta akangoyamba kudontha, nsomba yayamba kudzisonkhera yokha. Pamenepo suwonjezera, umaphula nkhuni. Ukadikira kuti uone lawi, wachedwa kale."

Dorika anaima chilili, mlamba wopserera uli m'manja.

"Mama, bwerezani."

"Wagontha liti? Ndati osayang'ana moto. Mvera nsomba."

Apa m'pamene maso ake anatseguka. Botolo lake lija linali mlamba. Leza ikalowamo, nthunzi ya chitsulo inkameza kuwala n'kutentha, kutenthako n'kutulutsa nthunzi ina, nthunziyo n'kumeza kuwala kochuluka. Botolo linkadzisonkhera lokha. Kuwala konse kunkathera kumaso kwa botolo, kumbuyo kuli mdima: kunja kopserera, mkati mwamuwisi. Za vuto limeneli anawerengapo m'mabuku, koma ankakhulupirira kuti si lake, chifukwa choyezera kutentha chinkamuuza kuti mu uvuni zonse zili bwino. Choyezeracho chinkayeza uvuni. Botolo silinkafunsidwa ndi munthu. Ndipo nambala ikagwa, iye, mwana wa wowamba nsomba, ankachita chimene amayi ake sakanachita ngakhale atatseka maso: ankawonjezera moto.

Anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kutenga khala, n'kuyamba kujambula pachibenthu cha katoni.

"Wapenga?" anafunsa mayi Magdalena.

"Ayi, Mama. Ndikubwerera."

"Unkafuna kutsala? Ukanatsala ndikanakuthamangitsa ndi chikuni. Unandilonjeza kuti udzasuzumira m'chifuwa muno. Ine ndikudikira."

Dorika anadabwa. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mawu aja anapita ndi utsi. Koma amayi ake anawasunga.

Asananyamuke anagwirizana ndi mayi Loyce kuti aziwamba okha nsomba za nyumba zonse ziwiri, mayi Magdalena azingoyang'anira ali pamthunzi. Ntchito yoyang'anirayo anaigwira mwakhama moti mayi Loyce mpaka lero amati bola utsi kusiyana ndi pakamwa pa anzawowo.

Atabwerera ku Ulaya, Dorika anaika kachida koyeza kuwala kumbuyo kwa botolo, kuti azimva botololo osati uvuni. Anakonza makina kuti kuwala kotulukira kumbuyoko kukangoyamba kuchepa, moto wa uvuni uzizima wokha, kamphepo kozizira n'kuyamba kuuzira galasi. Musaganize kuti zinatheka tsiku lomwelo. Masabata asanu ndi awiri anatha akusakasaka nthawi yeniyeni yophulira nkhuni. Nthawi zina ankafulumira, botolo n'kuzizira. Nthawi zina ankachedwa, lawi lake losaoneka lija n'kubuka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachitatu lina masana, nambala inakwera. Inafika pamene inkagwera masiku onse, n'kupitirira. Inakwerabe, kenako n'kukhazikika, osagwedera. Dorika anadikira ola lathunthu asanaitane munthu, kuopa kuti akayankhula ithawa.

Pulofesa anabwera, n'kuvala magalasi otchinga maso ku leza, n'kuyang'ana makina, n'kuyang'ananso kompyuta.

"Nzeru imeneyi waitenga m'buku liti?"

"Kwa mayi wina wa ku Nsanje," anatero Dorika. "Sadziwa kulemba dzina lake."

Panapita chaka china makinawo akuyesedwa, mpaka madokotala anavomereza kuti mpweya wake ukhoza kupumidwa ndi anthu odzipereka pa kafukufuku. Nthawi ya mwambo wolandira digiri ya udokotala wa sayansi itayandikira, Dorika anawaitanitsa amayi ake. Anthu ankaganiza kuti akukaonerera mkanjo ndi chisoti. Awiriwo ankadziwa chimene akupitira.

Mayi Magdalena anakwera ndege atavala chitenje chatsopano ndi majuzi awiri. Atafika, anauzidwa zonse za kafukufukuyo m'Chisena kudzera mwa mwana wawo, n'kudinda chala kuti avomera. Kenako anawagoneka pakabedi kolowa m'makina a MRI. Dorika anabwera ndi thumba lapulasitiki lokhala ndi kapaipi, lodzaza ndi zenoni wochokera m'makina ake.

"Mama, mukoke wonse, ndiye mugwire mpweya. Ndiwerenga mpaka khumi."

"Khumi? Mwananga, ine asanu amandivuta."

"Yesani, Mama. Kamodzi kokha."

Anakoka. Makina anayamba kugogoda. Dorika anawerenga mokweza. Pa asanu ndi awiri anaona zala za amayi ake zikufinya nsalu. Pa asanu ndi anayi anafuna kuwauza kuti basi. Koma mayi amene anapirira utsi zaka zoposa makumi awiri sakanagonja pa masekondi khumi. Anafika.

Zenoni ali ndi kachibwana kake: amakhuthalitsa mawu a munthu kwa kanthawi. Mayi Magdalena atatsegula pakamwa, munatuluka mawu a mwamuna.

"Iii! Mwandisandutsa Fernando!"

Dorika anaseka misozi ikutsika. Koma atatembenukira kukompyuta, kuseka kunatha.

Mapapo a munthu wabwinobwino amawala onse pachithunzi chotere. A mayi Magdalena anali ngati chitenje chodyedwa ndi chiswe. Apa powala, apa pakuda, apa pakuda, kumunsi konse kuli bii. Dokotala wa matenda a m'chifuwa, atawayezanso m'njira zina, anafotokoza kuti utsi wa zaka zambiri unawononga timitsempha ting'onoting'ono todutsamo mpweya, tochepa kwambiri moti ekisire singatione. Pafupifupi theka la mapapo awo silinkalandira mpweya mokwanira.

Anawabweretsa mayi Magdalena pampando kuti aone okha. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula chala n'kukhudza malo akuda aja pagalasi.

"Ndiye sindinkanama," anatero chapansipansi.

Mawu amenewa anamulasa Dorika. Anazindikira kuti zaka zonse zija, pomva anthu akunena kuti n'sewero, amayi ake anafika podzikayikira okha.

Sindikunamizani kuti anachira. Mapapo owonongeka chotero sabwerera mwakale. Koma matenda odziwika dzina ali ndi pogwira. Anawapatsa mankhwala opopera m'kamwa otsegula njira za mpweya, n'kuwalangiza za kupewa utsi, ndipo kuyambira pamenepo amafika kudooko osapumira panjira.

Atabwerera kumudzi, mayi Magdalena sanafulumire. Anadikira Lamulungu. Anthu atatuluka m'tchalitchi n'kukhala pansi pa mtengo wa masawu womwe uja, anatulutsa envulopu yaikulu m'chitenje, n'kugwada mwaulemu pamaso pa a Fernando, amene tsopano ankayenda ndi ndodo.

"Alamu, ndakubweretserani chithunzi cha ulesi wanga."

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. A Fernando anaupeza wawo utawadikira zaka khumi ndi zisanu. Analandira chithunzicho mozondotsa. Dorika anachitembenuza mwakachetechete.

"Powalapa ndi pamene mpweya umafika, bambo aakulu."

"Nanga pakudapa?"

"Pamenepo sufika."

A Fernando analondola malo akudawo ndi chala, amodzi amodzi, monga mmene Dorika analondolera mndandanda uja. Anthu anaunjikana kumbuyo kwawo. Amayi ena amene ankakodolana padooko anagwira pachifuwa pawo, chifukwa nawonso anali atayamba kutsokomola.

"Mlamu," anatero a Fernando, mawu okhuthala aja atachepa, "zaka zonsezi mumapuma ndi theka?"

"Ndi theka lomwelo ndinakulerera mwana wa mng'ono wanu."

A Fernando anavula chipewa, n'kuchiika pabondo.

"Ndinakulakwirani pagulu. Ndipepesanso pagulu. Mundikhululukire, mlamu."

Mayi Magdalena anaomba m'manja kawiri. "Takhuta, zikomo," anatero. Anatenga chithunzi chawo, n'kuchibwezera mu envulopu, n'kudzuka okha osagwira munthu.

Lero Dorika amagawa chaka pakati: miyezi ina ali ku Ulaya akukonza makina ake kuti achepe ndi kulimba, miyezi ina ali kuno akuphunzitsa ana a sayansi ndi kuthandiza amayi a padooko kumanga mauvuni okhala ndi chumuni chotulutsira utsi m'mwamba. Makinawo sanafikebe m'zipatala za kwathu, ndipo iye sabisa kuti ulendo udakali wautali. Koma ndi munthu amene anakanidwa kakhumi ndi kamodzi, ndiye musamuuze za kutalika kwa njira. A Augustino anapuma ntchito, ndipo pakhoma la nyumba yawo pali chithunzi cha mtsikana amene anzake ankamutcha Mlamba, atavala mkanjo wofiira.

Ine ndimamusirira Dorika, osati chifukwa cha mkanjowo ayi. Ndimamusirira chifukwa analephera poyera, n'kusekedwa poyera, koma mmawa mwake anasenza dengu. Ndiponso atafika pa makina a leza, sanachite manyazi kuphunzira kwa mayi wosadziwa kulemba.

Mwina nanunso dzina lanu silinatuluke pabolodi. Mwina muli ndi ululu umene anthu akuti ndi ulesi chifukwa sauona. Mwina mwakhala mukuwonjezera nkhuni pa chinthu chimene chikungopserera, ndipo mwalongedza kale katundu kuti musiye. Musanasiye, khalani pansi mumvere nsomba. Nzeru imene mukuisowa mwina ili pakhomo pomwe mukuchita napo manyazi.

Mayi Magdalena anagwira mpweya mpaka khumi ali ndi theka lokha la mapapo. Inu anu ali athunthu. Osataya mtima, werenganibe.